Tisawatsekere Khomo Aphunzitsi Othandizira

M'sukulu zambiri za pulayimale za kumidzi m'dziko muno muli anthu amene ana amawatcha aphunzitsi, makolo nawalemekeza monga aphunzitsi, koma mayina awo sapezeka m'kaundula wa aphunzitsi a boma. Ena timawatcha aphunzitsi othandizira, ena aphunzitsi odzipereka. Ambiri mwa iwo ndi anyamata ndi atsikana a m'midzi yozungulira sukuluyo amene analemba mayeso a Fomu 4, ndipo komiti ya sukulu inawapempha kuti atseke mpata itaona kuti kalasi ina ikungotha tsiku ndi phada ndi mpira kaamba kosowa woiphunzitsa. Malipiro awo ndi kangachepe, nthawi zina kochokera m'zopereka za makolo amene nawonso ali pa umphawi. Komabe m'mawa uliwonse anthuwa amatola choko, naimirira pamaso pa ana a eni ake. Kodi n'chilungamo kuti munthu aziphunzitsa chaka ndi chaka, iye mwini osaphunzitsidwa luso la ntchito imene wagwirayo? Ine ndikukana kwamtuwagalu.

Mfundo yanga ndi yakuti mphunzitsi wothandizira aliyense wokhoza ndi wakhama ayenera kupatsidwa njira yophunzirira uphunzitsi ali pantchito pomwepo, ndipo njirayo isathere pa kamsonkhano ka masiku atatu, koma ikhale makwerero enieni omufikitsa pa satifiketi, dipuloma ngakhalenso digiri. Maphunziro a pantchito ndiwo aja amene munthu sachoka pamalo pamene akugwira ntchito. Masiku a sukulu amaphunzitsa, madzulo ndi Loweruka amawerenga mabuku amene koleji yamutumizira, patchuthi amapita kukolejiko kukaonana ndi aphunzitsi ake, ndipo zimene akuchita m'kalasi mwake zimayesedwa ndi kuwerengeredwa monga gawo la maphunzirowo. Alipo anthu ambiri, ena a iwo ophunzira bwino, amene amanyoza njira imeneyi. Tiyeni tione ngati zifukwa zawo zili ndi fupa.

Tiyambe ndi kudzifunsa kuti kodi othandizirawa amaphunzitsa ana ati. Kawirikawiri sapatsidwa Sitandade 8, pakuti kumeneko kuli mayeso a boma amene amatchukitsa kapena kuchititsa manyazi mphunzitsi wamkulu. Amapatsidwa makalasi aang'ono, poganiza kuti kumeneko ntchito ndi yongoimbitsa ana nyimbo. Kumeneku ndiko kulakwa kwakukulu. Makalasi aang'ono ndiwo amadzaza koposa, mwakuti si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'Sitandade 1, ngakhale kuti cholinga cha boma ndi chakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. M'makalasi omwewo ndimo mwana amaphunzira kugwira pensulo, kuzindikira malembo, kulumikiza maphatikizo ndi kuwerengetsa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene wachoka m'Sitandade 2 asakudziwa kuwerenga amatsimphina m'maphunziro ena onse, kufikira atatopa n'kusiya sukulu. Tsono ife tatenga ntchito yovuta koposa zonse n'kuisenzetsa munthu amene sitinamupatse nkhata.

Wina anganene kuti munthu wosaphunzitsidwa ndi wabwinobe kusiyana n'kusiya ana okhaokha. N'zoona ndithu, koma tisadzinamize kuti tathetsa vuto. Ku England othandizira aphunzitsi ndi ambiri, ndipo nthawi zambiri sagwira kalasi yonse koma amakhala pambali pa ana amene akutsalira m'mbuyo. Akatswiri a ku Institute of Education mumzinda wa London, motsogozedwa ndi Peter Blatchford, anafufuza ntchito ya anthuwa kwa zaka zingapo, ndipo mu 2009 anaulula zodabwitsa. Ana amene ankathandizidwa kwambiri ndi othandizirawa ankapita patsogolo pang'ono kuyerekeza ndi anzawo ofanana nawo nzeru amene sankathandizidwa chotero. Ofufuzawo sanaloze chala othandizirawo ngati alesi. Anapeza kuti ana ovutika kwambiri ankasiyidwa m'manja mwa anthu amene sanakonzekeretsedwe mokwanira, amenenso analibe nthawi yokambirana ndi mwini kalasi. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti othandizira akaphunzitsidwa bwino njira yothandizira ana powerenga kapena pa masamu, anawo amapinduladi. Ngati izi zinaoneka m'dziko la mabuku ndi madesiki okwanira, nanga kuli bwanji kwathu kuno kumene wothandizira amapatsidwa kalasi yathunthu pansi pa mtengo?

Otsutsa oyamba amati ngati anthuwa akufuna uphunzitsi, angofunsira malo kukoleji monga anzawo. Mawuwa ndi osalala pakamwa koma amaiwala zinthu zitatu. Choyamba, malo m'makoleji a aphunzitsi ndi ochepa poyerekeza ndi ofunsira. Chachiwiri, wothandizira akanyamula chikwama kupita kukoleji, kalasi yake ija imabwerera ku phada, pakuti iye anaikidwapo chifukwa panalibe wina. Chachitatu, ambiri mwa anthuwa ndi amayi a pabanja amene sangathe kusiya ana ndi munda kwa chaka chathunthu. Kuwauza kuti khomo ndi lotsekuka chonsecho tikudziwa kuti sangafikepo ndiko kuwaseka. Tikumbukirenso kuti mphunzitsi wochokera kutali akatumizidwa kusukulu yopanda nyumba, yotalikira chipatala ndi msika, sachedwa kupempha kuti asamutsidwe. Mwana wa m'mudzimo sathawa. Amadziwa makolo, amadziwa chifukwa chimene ana amajombera nthawi ya dzinja, ndipo amayankhula Chiyao, Chisena, Chitumbuka kapena Chilomwe chimene mwana wa Sitandade 1 wabwera nacho kuchokera kunyumba. Munthu wotere ndi chuma, ndipo chuma sachisiya pamvula.

Otsutsa achiwiri amathamangira mwambi uja wakuti mapanga awiri avumbwitsa. Iwo amati munthu sangaphunzitse ndi kuphunzira nthawi imodzi, chimodzi chiyenera kuonongeka. Mwambiwo ndi woona, koma aubzala pamunda posayenera. Kuphunzitsa ndi kuphunzira uphunzitsi ndi phanga limodzi. Kodi mmisiri wa matabwa amaphunzira kupala thabwa atakhala pa desiki? Kodi anamwino ndi madokotala samaliza maphunziro awo m'zipinda za odwala ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central? Ngakhale ndondomeko yosula aphunzitsi a pulayimale ya IPTE, imene inayamba cha m'ma 2005, inakonzedwa kuti wophunzira akhale chaka chimodzi kukoleji ndi chaka china m'kalasi. Taganizani za wothandizira amene Loweruka wawerenga chifukwa chimene ana ena amasokonezera lembo la b ndi la d. Lolemba ana oterowo ali pamaso pake, amawadziwa ndi mayina omwe, ndipo angayese pomwepo zimene wawerengazo. Zikakanika, Loweruka linalo ali ndi funso lenileni lokafunsa. Wophunzira wa kukoleji amasunga nzeru yomweyo m'kope kwa miyezi yambiri, mwina n'kuiiwala asanaigwiritse ntchito.

Otsutsa achitatu ndiwo ali ndi mfundo yolemera, ndipo tiyenera kuwamvetsera modekha. Iwo amati njirayi tinaiyesa kale, ndipo inatsitsa maphunziro. Akutanthauza zimene zinachitika boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994. Ana anakhamukira kusukulu kotero kuti chiwerengero chawo chinachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Walira mvula walira matope. Boma linalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 22,000, ndipo ochuluka a iwo anali osaphunzira uphunzitsi, ambirinso anali ndi satifiketi ya JCE yokha. Anangowaunikira kwa masabata awiri kapena atatu n'kuwatumiza m'makalasi. Pofuna kuwasula, mu 1997 boma linayambitsa ndondomeko ya MIITEP. Wophunzira ankakhala miyezi itatu kukoleji, miyezi 20 kusukulu kwake akuphunzitsa ndi kuwerenga mabuku amene anapatsidwa, kenaka mwezi umodzi kukoleji kukabwereza ndi kulemba mayeso. Makoleji asanu ndi limodzi, a Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre, St Joseph's ku Bembeke ndi Montfort ku Nguludi, ankalandira maguluwa mosinthanasinthana.

Palibe angakane kuti ndondomekoyi inakumana ndi zokhoma. Papepala, wophunzira ankayenera kuyang'aniridwa ndi mphunzitsi wamkulu, kuyenderedwa ndi mlangizi wa sukulu za m'dera lake ndiponso aphunzitsi a kukoleji, ndi kupezeka pa misonkhano ya m'dera. Koma ofufuza a ku Chancellor College pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Sussex atalondoloza bwino, anapeza kuti maulendo ndi misonkhano yambiri sizinachitike monga zinakonzedwera, kawirikawiri kaamba ka kusowa kapena kuchedwa kwa ndalama ndi mayendedwe. M'sukulu zina aphunzitsi osaphunzitsidwa ndiwo anali ochuluka, moti panalibe wokwanira kuongola mnzake. Aphunzitsi a kukoleji nawo anali otanganidwa ndi gulu latsopano pamene gulu lakale linali kudikira kuyenderedwa.

Tsono tiweruze mwachilungamo. Chinalephera n'chiyani pamenepa? Kodi ndi kuphunzira uli pantchito, kapena kutaya munthu pantchito n'kumanena kuti akuphunzira? Mlimi akabzala chimanga, osapalira, osathira manyowa, n'kukolola zitsononkho zopanda maso, sitinena kuti chimanga ndi mbewu yachabe. Timati mlimiyo analekerera munda. Phunziro la MIITEP ndi lakuti gawo la kusukulu ndilo mtima wa maphunziro a pantchito, ndipo ukalimana ndalama wapha ndondomeko yonse. Tisaiwalenso kuti pakadapanda ndondomekoyo, aphunzitsi zikwizikwi akadakalamba ndi choko m'manja osalowapo m'koleji, popeza makoleji a nthawiyo sakadatha kuwasula onse mwa njira ya zaka ziwiri zogonera komweko. Ena a inu owerenga munadziwa kulemba dzina lanu m'manja mwa aphunzitsi amene anadzera njira imeneyi.

Ndiponso asatinamize munthu kuti kuphunzira uli pantchito ndi chinthu chachilendo kwa Amalawi. M'sukulu za mishoni ophunzira okhoza ankathandiza kuphunzitsa anzawo aang'ono uku nawonso akupitiriza maphunziro. Mu 1929 boma la atsamunda linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene ankasula aphunzitsi oyendayenda oti azikalangiza anzawo m'sukulu za m'midzi. Mu 1965 kunabadwa Malawi Correspondence College, ndipo anthu ambiri anakhoza mayeso a sekondale pophunzira kudzera m'makalata. Kuyambira mu 2000 koleji ya Domasi inapereka mwayi kwa aphunzitsi a m'sukulu za sekondale zoyendera kuti apate dipuloma osasiya ntchito. Mu 2010 boma linayambanso kusula aphunzitsi a pulayimale a kumidzi ali m'sukulu zawo. Cha m'zaka zomwezo bungwe la FAWEMA, mothandizana ndi Open University ya ku Britain, linatenga amayi a kumidzi amene sanakhoze bwino MSCE, n'kuwaika m'makalasi aang'ono monga othandizira uku akuwerengeranso mayesowo kuti adzalowe uphunzitsi. Njira tikuidziwa. Chotivuta n'chakuti timailambula pokhapokha pakagwa ngozi kapena pakabwera thandizo la kunja, ndipo thandizolo likatha timaisiya imere thengo.

Otsutsa achinayi amavomera kuti othandizira aphunzitsidwe, koma amati timisonkhano tapatalipatali n'tokwanira, za dipuloma ndi digiri n'zonyanyira kwa munthu wophunzitsa a, e, i, o, u. Maganizo amenewa ndiwo muzu wa matenda athu. Kuphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuwerenga kumafuna kudziwa momwe ubongo wa mwana umakulira, momwe chiyankhulo chimamangidwira, momwe ungazindikirire mwana wosamva bwino kapena wosaona patali, ndi momwe ungayesere ana ochuluka kuti udziwe amene watsalira. Zimenezi si zotola pamsonkhano wa masiku atatu umene anthu amakumbukirapo alawansi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi basi. Msonkhano supereka satifiketi yozindikirika, sukweza munthu pantchito, ndipo munthu akhoza kupita ku misonkhano khumi n'kukhalabe pamene anali. Ku England kuja, mu 2001 anayambitsa digiri yoyambira imene amaitcha foundation degree. Wothandizira amaiphunzira akugwira ntchito m'sukulu, ndipo akaimaliza akhoza kuwonjezera maphunziro n'kupata digiri yathunthu, kenaka n'kusulidwa kukhala mphunzitsi. Chofunika kutengapo si dzina lake koma nzeru yake, yakuti sitepe iliyonse imaloza ku sitepe ina.

Pali chinanso chopweteka. Kwa zaka zambiri mphunzitsi wa pulayimale wofuna kukwera m'maphunziro ankapeza kuti makwerero oonekera bwino ndi opita ku sekondale. Akapata dipuloma kapena digiri ankatsanzika ana aang'ono, ndipo pulayimale inkataya anthu ake akhama koposa. Uku ndiko kusasula maziko kuti ukongoletse denga. Makwerero amene ndikunena ayenera kukhala a uphunzitsi wa pulayimale weniweni, kuti munthu akhale katswiri wa Sitandade 1 wokhala ndi digiri, nalandira malipiro oyenera digiriyo, osachoka pakati pa ana amene akumufuna. Makwerero omwewo athandizanso aja amene anamaliza kale kukoleji koma akugwira monga othandizira podikira kulembedwa ntchito, kuti zaka zodikirazo zisapite pachabe.

Otsutsa omaliza amafunsa kuti ndalama zichokera kuti. Funsoli n'loyenera, koma liyenera kuyankhidwa ndi masamu onse, osati theka. Wophunzira wogonera kukoleji amafuna bedi, chakudya katatu patsiku, madzi ndi magetsi kwa chaka chonse, pamene wophunzira ali pantchito amafuna zimenezi patchuthi pokha, uku akuphunzitsa kalasi imene ikadasowa mphunzitsi. Onjezanipo mtengo wa mwana wobwereza kalasi, amene boma limamulipirira kawiri chaka chimodzi chomwecho, ndi mtengo wa mwana wosiya sukulu asakudziwa kuwerenga mlingo wa mankhwala kapena wa feteleza. Umbuli ndiwo wokwera mtengo. Ndiyeneranso kunena mosapsatira kuti ena amene amadandaula za ndalama amakondwera mumtima kuti pali anthu ogwira ntchito ya mphunzitsi pa malipiro osakwanira ndi sopo yemwe. Akudziwa kuti wothandizira akapata satifiketi adzafuna malipiro a mphunzitsi. Kusunga munthu mumdima kuti akhalebe wotsika mtengo ndi kumudyera masuku pamutu, ndipo dziko silingamange maphunziro ake pa maziko otere.

Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndondomeko ya dzina lokoma yopanda zoyenereza idzangobala aphunzitsi a mapepala. Kuti njirayi ibale zipatso, pali zinthu zimene sizingasiyidwe. Choyamba, wophunzira aliyense akhale ndi mlangizi pasukulu pomwepo, mphunzitsi wodziwa ntchito amene wapatsidwa nthawi yolowa m'kalasi mwake, kuona chikonzekero cha phunziro lake ndi kukambirana naye, ndipo mlangiziyo azilandira kenakake pa ntchito yowonjezerayi. Sukulu yopanda mlangizi wotere isalandire wophunzira kufikira atapezeka. Chachiwiri, wophunzirayo apepukidwe ntchito, mwina tsiku limodzi pa sabata, pakuti munthu amene waphunzitsa ana 100 m'mawa, n'kukatunga madzi ndi kuphika madzulo, sangawerenge ndi koloboyi usiku wonse. Chachitatu, mabuku osindikizidwa afike m'manja mwake nthawi yabwino. Foni ndi intaneti n'zothandiza kumene zilipo, koma ndondomeko yodalira izo zokha idzasiya kunja anthu a kumidzi yopanda magetsi, amene ndiwo tikuwafuna.

Chachinayi, malo ophunzitsirapo aphunzitsi amene anamangidwa m'madera, aja timawatcha ma TDC, akhale pokumanira ophunzirawa ndi aphunzitsi a kukoleji, ndipo ndalama za mayendedwe ziikidwe padera chaka chisanayambe, kuti za MIITEP zisabwerezeke. Chachisanu, mayeso akhale amodzimodzi ndi a anzawo ogonera kukoleji, osachepetsa ngakhale pang'ono, kuti pasapezeke wonyoza satifiketi yawo. Wolephera abwereze, ndipo woonekeratu kuti uphunzitsi suli m'magazi mwake auzidwe zoona. Chachisanu ndi chimodzi, pakhale pangano lomanga mbali zonse ziwiri: boma lilonjeze kumulemba ntchito wokhoza, nayenso alonjeze kutumikira dera lake kwa zaka zingapo. Ndipo nthawi yonse ya maphunziro azilandira alawansi yodziwika, yofika pa nthawi yake, pakuti njala siimva chiphunzitso. Mutu umodzi susenza denga. Unduna wa Zamaphunziro, makoleji, mayunivesite, makomiti a sukulu ndi mafumu, aliyense ali ndi phaso lake loti agwire.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli pafupi kulemba mayeso a MSCE. Ena mudzapita ku yunivesite, ena kumakoleji osiyanasiyana, koma ena mudzabwerera kumudzi, ndipo tsiku lina wapampando wa komiti ya sukulu adzagogoda pakhomo panu kukupemphani kuti mukathandize ana. Musadzakane, pakuti anawo ndi abale anu. Koma mudzafunse mwaulemu ndi molimba mtima kuti kodi njirayi ikupita kuti, adzakulangizani ndani, ndipo patatha zaka zitatu mudzakhala muli pati. Inu amene mudzakhale akuluakulu a m'maofesi, aphungu ndi alangizi, mudzakumbukire kuti dziko limene likupempha mwana wake kuti aphunzitse lili ndi ngongole yomuphunzitsa iyenso. Ngongole imeneyi takhala tikuizemba kwa nthawi yaitali, ndipo amene akuilipira m'malo mwathu ndi ana a Sitandade 1.